Buku Lopanda Chikuto la Pachigayo

Chilape! Mwati nachize? Nachi: mlatho wanga ndi wokongola. Onse amene anaukwera amautama, amatumizako ngakhale abale awo, koma palibe amene anaponda tsidya lake. N'chiyani?

Musafulumire kundipatsa ng'ombe kuti ndiulule, anzanga okonda mabuku. Yankho likubwera lokha, kumbuyo kwa nkhani iyi.

Panali mayi wina amene mwana wake wamkazi anachoka pakhomo. Mayiyo anthu ankawatchula aNagama, mwanayo Enelesi. Anakangana pa nkhani ya mwamuna amene anabereka mwana ndi Enelesi kenaka n'kusowa. Mawu anakula, anakula, mpaka m'mawa wina aNagama ananena zimene pakamwa pamanena mtima usanavomere: "Ukatuluka pakhomo pano, usadzapondeponso." Enelesi anatuluka. Anasiya kamtsikana kake, Sungeni, kakusewera ndi zitsekerero za mabotolo pakhonde.

Mkwiyo wa aNagama unaphwa msanga. Chimene chinatsala ndi mbale imodzi yosagwira ntchito, ndi kamwana kofunsa madzulo alionse kuti amayi abwera liti.

Anthu atakolola, kondakitala wina wa minibasi anaimitsa aNagama pamsewu. "Amayi, mwana wanu uja ndamuona. Akugulitsa nthochi pa depoti m'tauni. Waonda, koma ali moyo."

Kuyambira tsiku limenelo aNagama anayamba kukonza ulendo. Anakazinga mtedza. Anasankha chimanga chabwino, anachikonola, anachiviika, anayanika mphale pamphasa mpaka inauma gwa, chifukwa sankafuna kukaima pamaso pa mwana wawo chimanjamanja. Chinatsala n'kukagayitsa ufa basi, kenaka kukwera galimoto.

Tsono chigayo cha kumeneko chinali ndi vuto limodzi: magetsi. Ankathima osatsanzika, n'kubwera pamene afunira. Anthu ankandandalika ndowa zawo pamzere n'kukhala motsamira khoma, misana ndi nsidze zitayera ndi fumbi la ufa, ngati anthu amene angotuluka kumene m'maloto. Ndipo pansi pa tebulo la mayi woyeza chimanga panali katoni ya mabuku. Ena anasiyidwa ndi ana omaliza sukulu, ena anachokera m'nyumba ya mphunzitsi wina atamwalira. Magetsi akathima, katoniyo inkakokedwa poyera.

Panali lamulo limodzi, losalembedwa paliponse. Buku silinkabwerera m'katoni mwakachetechete. Wolibweza ankaima, n'kunena mmene analionera, n'kutchula munthu amene likumuyenera. "Ili ndi lanu, auje, pa chifukwa chakuti." Ankalipereka ndi manja awiri, ngati chikho cha madzi kwa mlendo.

Ndiye mudziwe kuti pamenepo pankakhala mikangano yokoma.

"Wolemba uyu ayi," wina ankatero. "Amapha anthu ngati nkhuku za chitopa. Ukangomukonda munthu, tsamba lotsatira maliro."

"Ndiye mutenge la chikondi lija, mlamu."

"Iih, lija? Anthu akungoyang'anizana masamba onsewo. Chimanga changa chinachita kufumbwa iwo asanapatsane ndi moni yemwe."

"Inuyo vuto lanu mumafuna buku lithamange ngati mwana wotumidwa mchere."

Koma mikangano yonse inkatha a Kaphwiti akalankhula. A Kaphwiti ankakonza njinga tsidya lina la msewu, ndipo anali atawerenga katoni yonse, mabuku ena mobwereza. Ankapereka buku ngati mmene sing'anga amaperekera mankhwala. Bambo wina woferedwa mkazi anamupatsa buku loseketsa, ndipo anthu anamumva akuseka koyamba chichitikire maliro. Mtsikana wina wofuna kusiya sukulu anamupatsa lina, ndipo sanasiye. Sanali munthu wabodza, a Kaphwiti. Zimenezi muzigwire, chifukwa nkhaniyi si ya munthu wabodza.

M'katonimo munali buku limodzi limene onse ankalikonda koposa. Linalibe chikuto. Chinapita kalekale, pamodzi ndi mutu wake ndi dzina la wolemba. Masamba omaliza nawonso kunalibe. Ena ankati anakulungira mtedza, ena ankati fodya. Linkanena za mtsikana amene anathamangitsidwa ndi mayi ake, n'kukakhala kutsidya kwa mtsinje waukulu. Anavutika kumeneko. Tsiku lina anamanga katundu wake n'kutsikira kudoko kumene mabwato amawolotsera anthu. Mzere womaliza wa tsamba lomaliza unkati: "Atafika padoko anatula katundu wake, ndipo atakweza maso anaona" — basi. Pamenepo mpamene buku linkathera. Kupitirira apo panali ulusi wokha.

Aliyense amene anafika pamenepo ankamalizitsa yekha. Wina ankati anaona bwato. Wina ankati anaona utsi wa kwawo. A Kaphwiti ankati mtsikanayo anawoloka yekha, n'kukapeza mayi ake akusesa pabwalo. Anazinena kambirimbiri, mokoma, mpaka iwo eni anayamba kukumbukira ngati kuti anaziwerengadi, tsamba lake analiona, ndi banga la tiyi pakona.

Tsiku limene aNagama anafika ndi mphale yawo, magetsi kunalibe. Anakhala pamzere. Mayi woyeza chimanga anawafunsa za mphale yoyera chonchi, ndipo iwo anayankha motsitsa kuti ndi ufa wa ulendo, akukaona mwana. Mawuwo anawoloka msewu. A Kaphwiti anapukuta manja, anabwera, anatulutsa buku lopanda chikuto.

"Ili ndi lanu, aNagama," anatero, atalinyamula ndi manja awiri. "Wolembayu ankakudziwani asanakuoneni. Muwerenge musananyamuke."

ANagama ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsogola, milomo ikutsata. Ufa unagayidwa, unamangidwa m'thumba, koma iwo anati amalize kaye buku. Masana alionse ankakhala pakhonde. Anapezamo mawu awo enieni, aja a m'mawa uja, atalembedwa ndi munthu wosawadziwa. Analira. Anatsatira mtsikanayo m'mavuto ake onse mpaka kudoko, mpaka anakweza naye maso. Ndiye anatembenuza tsamba, n'kupeza ulusi.

Anapita kwa a Kaphwiti buku lili m'manja. Anawapeza akuwongola gudumu.

"Achimwene, anaona chiyani?"

"Amabwerera," anatero a Kaphwiti. "Amawoloka yekha. Amakapeza mayi ake akusesa pabwalo, amagwada, nkhani n'kutha bwino. N'chifukwa chake ndinakupatsani. Mwana wotere ukamulondola pagulu umamuchititsa manyazi, amathawira kutali. Msiyeni abwere ndi miyendo yake, ngati uja wa m'bukumo."

"Munaliwerenga lonse, lidakali lathunthu?"

Gudumu linazungulira, linazungulira, n'kuima lokha. A Kaphwiti anadziwa panthawiyo, kwa kamphindi, kuti tsamba lija la banga la tiyi sanaligwirepo. Koma patsogolo pawo panali mayi wa maso ofiira, ndipo iwo ankafuna kumupatsa chinthu chofewa.

"Bukuli ndikulidziwa," anatero.

Ndipo tinene zoona: mawuwo anawakomera aNagama. Ulendo wokapepesa kwa mwana wobereka wekha ndi wolemera. Munthu akakuuza kuti sukufunika, miyendo imathokoza mutu usanaganize.

Anamasula thumba la ufa. Anadya ndi Sungeni mpaka unatha. Mtedza nawo unatha. M'malo mwa ulendo anayamba kusesa. M'mawa uliwonse ankasesa pabwalo, ndi kanjira kochokera kumsewu komwe, n'kumakweza maso minibasi ikaima. Buku analisunga kumutu kwa mphasa. A pachigayo akalifunsa ankayankha kuti, "Ndidzabweza mwana akafika."

Chisanu chinatha. Kunatentha, mitengo inayoyola masamba, mango anapsa. Mvula inagwa, anthu anadzala. Kanjira kanali koyera, kopanda phazi.

Chimanga chitafika m'mawondo, pachigayo panabwera mlendo. Anali mayi wosaona, wanthabwala, amene anabwera ku ukwati wa mphwake ndipo anaperekeza anzake kudzagayitsa. Pakhosi pake pankalendewera kawailesi kolowetsa memori khadi. Magetsi kunalibe, katoni inali poyera, ndipo iye atamva mikangano ya mabuku anaseka.

"Inu mumawerenga ndi maso, manja atatanganidwa ndi buku. Ine ndimawerenga ndikusenda nyemba. Mabuku anga ndi a m'makutu, onse ali muno." Anagogoda kawailesi kaja ndi chala. "Koma ndikuuzeni, wowerenga ndiye amakometsa kapena kupha buku. Alipo wina amawerenga ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ngakhale nkhani ikome bwanji, ndimamuthimitsa. Wina ndi mayi wa mawu apansi, wosafulumira. Ameneyo atati awerenge ngakhale mayina a mankhwala a mbuzi, ndikhoza kumvera mpaka dzuwa kulowa."

Anthu anaseka, anamusendezera mpando. Anamufunsa za olemba amene amawakonda, iye n'kumawayankha mosanyengerera. Kenaka wina anayamba kumufotokozera za buku lawo lopanda chikuto, mtsikana uja, mtsinje uja, doko lija.

"Dikirani," anatero mlendoyo. "Kodi ndi lija mayi amasunga mbale ya mwana wake pamwamba pa kabati?"

"Lomwelo!"

"Ndili nalo lonse." Anatchula mutu wake ndi dzina la wolemba, mayina amene pachigayopo anali asanamvekepo. "Ndipo akuwerenga ndi mayi wa mawu apansi uja. Koma limeneli sindimapatsa munthu ndisanamufunse kuti kunyumba kuli bwanji. Ndi lolemera."

"Aa, tsegulani, asisi!" anthu anakuwa. "Tadikira kokwana."

A Kaphwiti anali atawoloka msewu, sipanala ili m'manja. "Tsegulani," anatero akumwetulira. "Amve okha, asiye kulimbana nane."

Mlendoyo sankadziwa kuti kumapeto kwa mzere, pafupi ndi ndowa yawo, kunali aNagama ndi Sungeni. Palibe amene anamuuza. Anadinadina mpaka anafika pamene ankafuna, n'kukweza mawu.

Mayi wa mawu apansi anayamba kuwerenga, mosafulumira. "Atafika padoko anatula katundu wake, ndipo atakweza maso anaona kuti kutsidya kunalibe munthu."

A Kaphwiti anasiya kumwetulira.

Mawu anapitiriza. Mtsikanayo sanakwere bwato. Anati mumtima mwake, pakamwa pamene panati usadzabwerenso ndi pomwepo payenera kunena kuti bwera. Tsiku lililonse ankatsikira kudoko, n'kumayang'ana anthu otsika m'mabwato ochokera kwawo, mmodzimmodzi, kufunafuna mpango wa mayi ake. Anadikira nyengo yonse. Kenaka m'mawa wina ananyamula katundu wake, anafulatira mtsinje, n'kulowera kumene sankadziwika. Ndipo kutsidya lija mayi ake anakalamba akusesa pabwalo.

Kanyimbo kotsekera kanalira pang'ono, kawailesi n'kukhala chete.

Palibe amene anayang'ana a Kaphwiti. Onse anayang'ana pansi, pa ufa wotayika.

"Bwanji mwangoti duu?" anafunsa mlendoyo. "Ndinakuuzanitu kuti ndi lolemera. Kapena alipo pano?"

ANagama anaimirira. Sanakalipe, sanalire. Anamanga chitenje mwamphamvu, anapereka dzanja la Sungeni kwa mayi woyeza chimanga, n'kunena kuti, "Mundisungire mwanayu." Ndowa yawo anaisiya pamzere pomwepo. Analibe ufa, analibe mtedza. Anayamba kuyenda kulowera kusiteji ya minibasi, chimanjamanja.

A Kaphwiti anaponya sipanala pansi, anathamangira njinga, anawapeza panjira. Anangoima patsogolo pawo atagwira chiwongolero, mutu uli pansi. ANagama anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anakwera pakaliyala. A Kaphwiti anapalasa mpaka kusiteji, kumene aNagama anakwera minibasi ya m'tauni.

Pa depoti m'tauni panali phokoso ndi matope. ANagama anafunsa amayi ogulitsa nthochi, mmodzi ndi mmodzi, mpaka wina anatula lichero.

"Enelesi? Wamtali, wosalankhulalankhula? Ankakhala apo." Analoza mwala wina padzuwa, pafupi ndi pamene minibasi za kwawo kwa aNagama zimatsitsira anthu. "Tinkamuseka ife. Timati, iwe, malonda ali uko kumthunzi, apa nthochi zingokupsera. Iye ayi. Minibasi ya kwanuko ikangoima, amaimirira, kuyang'ana otsika onse, kenaka n'kukhalanso pansi. Chilimwe chonse chija, mayi."

"Ali kuti tsopano?"

"Anachoka mvula yoyamba itangogwa. Anakwera lole yopita kumalire. Sanatiuze kumene akupita." Mayiyo anawayang'anitsitsa, maso, mphumi, kaimidwe. "Inu ndinu amayi ake, eti? Mwafanana."

ANagama anapita pamwala paja n'kukhalapo. Unali wotentha ndi dzuwa. Ali pamenepo anaona minibasi ya kwawo ikufika, chitseko chikutseguka, anthu akutsika mmodzimmodzi. Anaona zimene mwana wawo ankaona.

Anafunsa madalaivala a malole. Anasiya uthenga kwa aliyense wovomera kuunyamula: mukamuona, mumuuze kuti amayi ako anabwera. Kenaka anabwerera kwawo.

Atapitanso kuchigayo anatenga buku lija kumutu kwa mphasa. Anthu anadikira kuti aime, anene mmene analionera, atchule amene likumuyenera, monga mwa lamulo. Iwo anawerama n'kuliika okha m'katoni. Linali buku loyamba kubwereramo lopanda dzina la munthu. A Kaphwiti sanasiye kuwerenga, koma kuchokera pamenepo akamapereka buku ankayamba ndi mawu ena: "Ine ndinalekezera apa."

Tsono chilape chija mwachimasula nokha. Mlatho wokongola wosafika tsidya ndi buku lija lopanda masamba omaliza, ndiponso ndi mawu alionse amene timatamira nawo buku kupitirira pamene tinafika. Ife timakonda kuuzana: werenga ili, mvera ilo, wolemba uyu salakwitsa. Ndi chinthu chokoma, tisachisiye. Koma iwe amene ukupereka buku ndi manja awiri, nena pamene unalekezera. Ngati mapeto unachita kulota, nena kuti ndi maloto ako. Ndipo uyambe wayang'ana chimene mnzako wasenza, chifukwa ena amawerenga kuti magetsi abwere, koma ena amawerenga kuti adziwe ngati mawa akwere galimoto. Nawenso wolandira, buku likhoza kukuperekeza mpaka padoko. Silingakupitire ku depoti.

ANagama akupitabe kuchigayo. Kanjira anasiya kusesa. Masiku ano amapita okha kusiteji kukafunsa makondakitala. Tsiku lina magetsi atathima, Sungeni anakoka katoni, anatulutsa buku lopanda chikuto, n'kumasewera ndi ulusi wa kumapeto kwake. Anali atamva nkhani yonse kwa ana anzake. Kunali chete, chigayo chitagona, moti mawu ake anamveka kwa onse, kwa mayi woyeza chimanga, kwa a pamzere, mpaka tsidya la msewu kumene gudumu linkazungulira.

"Agogo, mukanakhala kuti simudziwa kuwerenga, bwenzi amayi mutawapeza?"